Inki Yofiira pa Kalata ya Mwayi

Jeppestown, Joni
12 Febuluwale 2023

Okondedwa Amake Mwayi,

Kaya inu ndi mwana wathu muli bwanji ku Nabvutikako? Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa cha fumbi la mapepala chimene chandikonda ngati wachibale. Kalata iyi ikubwera ndi a Whiteson, oyendetsa thiraki aja amene amaima pa Chipata popita ku Mwami. Ndikudziwa kuti mundiseka, muti mafoni alipo. Koma mukundidziwa, mawu a pafoni amauluka, a papepala amakhala.

Za Khirisimasi ndilibe pakamwa. Ndinalonjeza kubwera, sindinabwere, ndipo munaphika nkhuku ya mlendo amene sanafike. Chifukwa chake chili m'pasipoti yanga, koma si nkhani yolemba papepala.

Ndamva kuti kutchalitchi mumauza anthu kuti aphunzitsi a Sakala akugwira ntchito ya mabuku ku Joni. Zikomo pondiveka. Inu nokha dziwani kuti ndimasesa zidutswa za mapepala m'shopu yosindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Munthu amene ankaima kutsogolo kwa kalasi ndi choko lero ali kumbuyo kwa tsache. Ndikaganiza kuti mwana wina amene ndinamuphunzitsa akhoza kulowa m'shopumo n'kundipeza, thukuta limandituluka ngakhale kukuzizira.

M'chikwama muli nsapato za kusukulu za Mwayi, bulangeti ndi mafuta anu odzola. Pa ndalama zimene a Whiteson akupatseni, mugule malata a pamene pakudontha paja, zotsala muonjezere pa belo lanu la salaula, zovala zakale zija mumagulitsa. Musabwereke kwa munthu.

Nkhani yaikulu ndi Mwayi. Chaka chino ndi cha giredi 12, ndipo kusukulu ya unamwino salandira munthu wogwa Chingerezi. Ndalankhula ndi a Ben, mnzanga uja tinkaphunzitsa limodzi, amene tsopano ali ndi tyushoni kuseri kwa nyumba yawo ku Kapata. Avomera kumutenga Loweruka lililonse, ndipo malipiro ndizitumiza ndekha. Munthu ameneyu ndimamukhulupirira ngati dzanja langa lamanja.

Komanso ndaika lamulo. A Whiteson akamadutsa pobwerera kuno, Mwayi aziwapatsira kalata yanga ya m'Chingerezi, tsamba lathunthu. Ine ndiziichonga n'kuibweza. Chingerezi chili ndi mawu ofanana ngati mapasa, ndipo ana ambiri amagwera pamenepo. Pali "weather", ndiye nyengo, ndi "whether", ndiye kaya. Pali "advice", malangizo, ndi "advise", kulangiza. Khutu limamva chinthu chimodzi pomwe diso liyenera kuona ziwiri. Zambiri ndalephera kumupatsa mwanayu, koma ichi chokha ndili nacho.

Mupereke moni kwa alongo anga a Felesita mukapita ku Mwami.

Ndine wanu,
Atate ake Mwayi


Jeppestown
2 Epulo 2023

Okondedwa Amake Mwayi,

Ndalandira kalata yanu pamodzi ndi nsinjiro ndi chiponde. Anzanga a m'chipinda chino, Amalawi awiri ndi Mzimbabwe, akuti ndikuthokozereni, ngakhale sindinawaitane kuti adye nawo. Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndiponso kuti denga lasiya kulira. Ine ndilipo.

Kalata ya Mwayi ndaibweza m'envelopu yomweyi. Mukaona kufiira musadabwe, si magazi, ndi bolopeni yanga. Mwalemba kuti mwana anakhala masiku atatu akuilemba, ndipo mukupempha kuti ndisamukhwimitsire. Amake Mwayi, inu gulitsani salaula, za choko mundisiyire. Kuongola mtengo ndi uli waung'ono. Ochonga mayeso sadzamumvera chisoni chifukwa atate ake ali kutali.

Ndikuuzeni zimene zandichitikira, mwina mumvetsa. Abwana atamva kuti ndinali mphunzitsi, anayamba kundipatsa mapepala kuti ndiziona masipelo asanasindikize. Ndinayenda ngati tambala tsiku limenelo. Ndiye kunabwera pulogalamu ya maliro ya mayi wina wa ana asanu. Powerenga mbiri yake ndinakumbuka malemu amayi anga, maso anadzaza misozi, ndipo sindinaone kuti palembedwa "there", kumeneko, pamene pamayenera kukhala "their", awo. Mapepala onse anasindikizidwa choncho. Mwana wa malemuyo ndiye anaona, atabwera kudzatenga. Abwana anandikalipira pamaso pa anamfedwa, n'kumandifunsa ngati ku Zambia aphunzitsi amawatola pamsika. Ndinangoyang'ana nsapato zanga. Malipiro a sabata imeneyo musawafunse.

Mkwiyo utatsika, anandiitana n'kunena kuti vuto langa ndimawerenga ndi mtima. Anandionetsa njira ya anthu a ntchito imeneyi. Umatenga rula, n'kuyambira liwu lomaliza pansi pa tsamba, n'kumakwera chobwerera m'mbuyo, liwu limodzilimodzi. Ukatero nkhani siikugwira, chifukwa suimva n'komwe. Umangoona zilembo zokhazokha. Chiyambireni kutero sindinaphonyepo cholakwa, ndipo kalata ya Mwayi ndaichonga mwa njira yomweyo. Ndapeza kuti akusokoneza "lose", kutaya, ndi "loose", chinthu chokhwepa. Awalembe kakhumi m'buku lake.

Sabata yatha kunabwera alendo a yunifolomu mumsewu wathu. Ndinapezeka kuti ndili ndi ntchito yambiri kuseri kwa mipukutu ya mapepala mpaka anachoka. Palibe chimene chinachitika, musade nkhawa.

Ufa ukakwera mtengo musadikire, pitani ku Mwami mukatenge chimanga chathu kwa a Felesita.

Wanu,
Atate ake Mwayi


Jeppestown
28 Meyi 2023

Okondedwa Amake Mwayi,

Moni wochokera kozizira. Kuno chisanu chayamba, ndipo magetsi amazima monga kwathu komweko, ndiye musamaganize kuti Joni ndi kumwamba. Chifuwa chilipo koma ndikugwira ntchito. Ndikhulupirira kuti mwendo wanu uja wasiya kutupa.

Mwalemba kuti Mwayi wayamba kudwala m'mimba Loweruka lililonse, ndipo akupempha kuti aziwerenga yekha pakhomo. Ndinaseka ndekha. Matenda amene amadziwa kalendala ndinawaona ambiri ndili mphunzitsi. Amayamba Loweruka m'mawa, amachira nthawi ya tyushoni ikadutsa. Musamugonjere. Ngati n'kotheka, tsekani benchi yanu kanthawi, mumuperekeze mpaka pakhomo pa a Ben, muone kuti walowa.

Kalata yake yachiwiri yandikhumudwitsa. Ndi yaitali kuposa yoyamba, koma zilembo zake zikuyenda mokhotakhota ngati analembera pa bondo, ndipo pena inki yafalikira ngati panadonthera madzi. Zolakwa ndikukulemberani muno monga ndinazipezera kuchokera pansi, kuti mumufunse mmodzimmodzi ngakhale Chingerezi simuchidziwa.

Analemba "advice" pamene pamafunika "advise", kulangiza. Liwu limeneli ndinamuphunzitsa kale mwezi wa Febuluwale. Analemba "scarred", kukhala ndi zipsera, m'malo mwa "scared", kuchita mantha. Analemba "bare", chinthu chosavala, m'malo mwa "bear", kupirira. Analemba "piece", chidutswa, m'malo mwa "peace", mtendere. Analemba "quite" m'malo mwa "quiet", kukhala chete. Ndipo pamwamba penipeni ndinapezanso "their" ndi "there" aja amene anandichititsa manyazi ine, iyenso wawasinthanitsa.

Ndamupatsa anayi pa khumi, ndipo pansi ndalemba kuti asiye mphwayi, ailembenso bwinobwino. Kunena zoona zandipweteka. Mwana wa mphunzitsi wa Chingerezi azilemba chonchi, a Ben aziti chiyani za ine? Ndimasesa pansi kuno kuti iye asadzasese, ndiye asandibwezere zotere.

Mumuuze kuti ndimamukonda, koma chikondi sichikhoza mayeso.

Juzi yobiriwirayo ndi yake, yakudayo ndi yanu. Za kubwera kwanga tidikire kaye. Pali munthu wina amene akuti amadziwa kukonza za pasipoti, koma maonekedwe ake sakundisangalatsa.

Wanu,
Atate ake Mwayi


Jeppestown
9 Julaye 2023

Amake Mwayi,

Ndili bwino. Ndikhulupirira kuti nanunso muli bwino.

A Whiteson afika opanda kalata ya Mwayi. Akuti atamufunsa anangogwada, n'kunena kuti alibe cholemba. Yolembanso ija sanatumize. Inunso mwandiuza kuti masabata awiri anakuzembani, anakabisala kwa anzake mpaka madzulo, ndipo chakudya akungochitola ngati mbalame.

Ndinaimbira foni a Ben. Poyamba ankakana kulankhula, akuti safuna kundipweteka mtima ndili kutali. Nditawakakamiza anandiuza kuti mwanayu nzeru ali nazo, koma mutu wake wadzaza anyamata anjinga a pa Kapata, ndipo akamudzudzula amawayang'ana ndi diso loipa. Anandichenjeza kuti mwana wotere amatha kupeka nkhani iliyonse kuti athawe sukulu. Ndinawapepesa m'malo mwake. Ine Ackim Sakala, kupepesa chifukwa cha mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo ndi dzanja langa! Nditatsitsa foni sindinathe kuyang'ana anzanga kumaso.

A Ben ndi munthu wabwino. Akuti samutaya, ndipo aziyamba kumupatsa nthawi yake yekha anzake akaweruka, osaonjezera malipiro. Shati yabuluu imene ili m'pepalayo ndi yawo, mukawapatse nokha ndi manja awiri.

Mwayi mumuuze mawu awa monga ndalembera. Loweruka likubwerali apite, ndipo akajombanso asadzanditchule kuti atate. Ndalemba ndili wokwiya, koma sindifufuta.

Kuno zinthu sizili bwino kwenikweni. Mashopu awiri a alendo mumsewu wathu atsekedwa, ndipo timapita kuntchito modzera njira zina. Za munthu wa pasipoti uja tisakambe, walira mvula walira matope.

Atate ake Mwayi


Jeppestown
13 Ogasiti 2023

Amake Mwayi,

Sindikudziwa ngati ndili woyenera kufunsa za moyo wanu. Ndifunsabe. Muli bwanji? Nanga dzanja la mwana latsika kutupa?

Chiimbireni foni Loweruka lija simunandiyankhenso, ndipo sindikukudandaulani. Munandiuza mukulira kuti Mwayi anatulukira pawindo la chipinda cha tyushoni, anavulala dzanja, anasiya chikwama ndi nsapato imodzi, n'kuthawira kwa a Felesita ku Mwami. Munati Mulungu anamuteteza, munthu uja sanakwanitse chimene ankafuna. Kenako munandifunsa funso limodzi: "Mwana akuti anakulemberani zonse mwezi wa Meyi. Kodi analemba chiyani?" Mayunitsi anu anathera pomwepo. Sindinkadziwa, Amake Mwayi. Kalata ndinaigwira, ndinaichonga, ndinaipatsa malikisi, koma sindinkadziwa chimene inanena.

Dzulo a Whiteson anabwera kushopu. Sanakhale pansi, sanalandire tiyi. Anatulutsa pepala lopindapinda n'kunena kuti: "A Sakala, alongo anu anandiimitsa pa boda. Akuti ndikuuzeni so, iyi pepala muiwerenge monga munthu, osati monga aticha." Anandipatsa, n'kutembenuka. Inali kalata ya Mwayi ya Meyi ija, imene ndinaichonga n'kuibweza.

Ndinakhala pa mpukutu wa mapepala, ndinaika rula pambali, n'kuyambira pamwamba. Popeza munafunsa, ndikuuzani m'chinenero chathu zimene mwana wathu analemba.

Anati: "Atate, ndalemba izi m'Chingerezi chifukwa m'Chinyanja sizingatuluke pakamwa panga pamaso panu. Amayi sindingawauze, angapite kukamenyana, ndiponso akazi a aphunzitsi ndi anzawo a kwaya. Tikamaliza, aphunzitsi amauza anzanga kuti azipita, ine nditsale kumeneko ndekha. Amatseka chitseko, amandigwira dzanja ndi mapewa, amati adzandipatsa mafunso a mayeso ndikakhala mwana womvera. Akuti ndikhale chete chifukwa inu mudzakhulupirira iwo, osati ine. Ndilibe mtendere. Sindingathe kupirira. Ndikuchita mantha. Chonde atate, ndilangizeni."

Paliponse pamene mwana analira, pali mzere wanga wofiira. Pamene anati alibe mtendere ndinazunguliza liwu. Pamene anati akuchita mantha ndinafufuta chilembo chimodzi chimene chinachuluka. Madzi aja ndinati anadonthera papepala, tsopano ndikudziwa kumene anachokera. Ndipo pansi pake, ndi dzanja langa lokongola lija limene ndimanyadira, palembedwa kuti asiye mphwayi.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mwana wamkazi akakula sakhala pafupi ndi atate ake, nkhani zotere zimadzera kwa azakhali. Mwayi anaona kuti khomo lokhalo lofikira kwa ine ndi Chingerezi chimene ndinamulamula, analimba mtima n'kugogoda. Ine ndinatsegula, n'kuyang'ana ngati nsapato zake zili zopukuta, n'kutsekanso. Kenako ndinakutumani inu kuti mumuperekeze mpaka pakhomo pa fisi. Ndinatumiza ndi shati yomwe.

Munthu uja ananena zoona pa chinthu chimodzi, kuti ndidzakhulupirira iye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma sindingabisale kuseri kwa mwambi. Mkuyuwo ndinathyola ndine, n'kuupereka kwa mwana.

Mwachita bwino kupita kupolisi ndi a Felesita. Musalole akuluakulu a mpingo kapena akazi ake kuti akunyengerereni zokambirana pakhomo. Ngati apolisi afuna kalatayi ngati umboni, ndiibweza ndi a Whiteson, ngakhale aliyense woiwerenga adzaona inki yanga asanaone mawu a mwana. Aione, ndi yanga.

Sindikupempha kuti mundikhululukire m'kalata ino. Ndikungopempha kuti mumuuze Mwayi kuti mawu aja ndinati asadzanditchule atate, ndawameza.

Ackim


Jeppestown
17 Sepitembala 2023

Okondedwa Amake Mwayi,

Zikomo pondiyankha. Ngakhale kalata yanu ndi ya mizere yochepa, ndaiwerenga kangapo. Ndakondwa kumva kuti mwendo uli bwino, kuti a Felesita abwera kudzakhala nanu ku Nabvutika mpaka mayeso atatha, ndiponso kuti Mwayi wabwerera kusukulu. Za atsikana ena awiri amene apita kupolisi atamva za iye, ndinagwira pakamwa. Mwana wathu ndi wolimba mtima kuposa atate ake.

Tsopano ndinene zimene ndakhala ndikuzungulira chaka chonse. Masiku a m'pasipoti yanga anatha kalekale, Khirisimasi isanafike. Ndikatuluka m'dziko lino, pa boda adzandidinda chidindo choti ndisalowenso kwa zaka. N'chifukwa chake sindinkabwera. Ndinkaopa kufika pa Chipata ndi chikwama chimodzi, anthu n'kumati aphunzitsi a ku Joni aja abwera ndi chifuwa chokha. Manyazi amenewo ndinkawaona aakulu. Lero ndikuwaona ngati kachitsotso.

Abwana ndawatsanzika. Anadabwa, akuti sanakhalepo ndi munthu wa diso lakuthwa ngati ine. A Whiteson anyamuka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo avomera kuti ndikwere nawo mpaka pa Chipata. Musaphike nkhuku. Za ntchito tidzaona, mabelo a salaula ndikhoza kunyamula.

M'envelopu yanu munali kapepala ka Mwayi. Mwati munamupempha kuti andilembere ngakhale mawu awiri. Ndinakatsegula. Walemba m'Chingerezi, zilembo zoongoka ngati zosindikiza:

"Dear Father, I am well. School is fine. The weather is hot. I have nothing else to report. Yours faithfully, Mwayi Sakala."

Akuti ali bwino, sukulu ili bwino, kunja kukutentha, alibenso china chonena. Watsiriza ndi mawu amene timatsirizira kalata yopita kuofesi, kwa munthu amene sitimudziwa. Ndinawerenga kuchokera pamwamba, kenako chizolowezi chinandigwira, ndinawerenganso kuchokera pansi. Ndinkafunafuna cholakwa ngakhale chimodzi, poti mwina pamenepo ndikanamupeza mwana wanga. Mulibe. Ngakhale "weather" uja walemba bwino. Zonse zimene ndinamuphunzitsa wazigwira, ndipo sindinalirepo chonchi chimwalirireni amayi anga.

Ndiye ndili ndi pempho, ndipo lipite kwa a Felesita, popeza ndiwo azakhali ake. Ndikafika sindilowa m'nyumba. Ndidzakhala pakhonde ngati mlendo, chikwama changa pambali, mpaka iwo adzanditengere mawu. Anthu odutsa akafunsa chifukwa chimene mwini nyumba wakhalira panja, muwauze zoona. Mwayi asakakamizidwe kugwada kapena kundipatsa moni. Akafuna kukhala chete mpaka mayeso atatha, ndidzadikira.

Koma tsiku limene adzafune kulankhula, alankhule m'chinenero chilichonse, alakwitse mmene angalakwitsire. Bolopeni yofiira ndaisiya pa tebulo la abwana pamodzi ndi rula. Mumuuze kuti ulendo uno ndidzayambira pamwamba.

Ndine wanu,
Atate ake Mwayi, ngati angalole